Anafunsa Kawiri Kokha

Pa moyo wake wonse wa mpira, Malachy Tuohy ankafuna chinthu chimodzi, ndipo sichinali chikho ayi. Ankafuna kuti bambo ake, a Packie Tuohy, adzalowe pabwalo tsiku lina, akhale pansi, amuone. Basi. Ena amafuna zikuluzikulu n'kuzipeza, koma iyeyu kanthu kakang'ono kameneka kanamuvuta mpaka imvi zinamera.

Vuto linali loti kuno ku Carrigmoyle mipira ilipo iwiri. Pali wamakolo, uja timagwira ndi manja n'kumenya ndi mwendo, ndiye pali wamiyendo, umene achikulire ankautchula kuti mpira wa Angelezi, akatero n'kulavula. Malachy ali mnyamata, bungwe la masewera amakolo linali ndi lamulo loti ukapezeka ukusewera mpira wa Angelezi, ngakhale kuonerera chabe, akuchotse. Panali ndi anthu osankhidwa kuti azizonda anzawo, ndipo wozonda wamkulu m'parishi yathu anali a Packie eniake.

Nanga tsoka limanunkha? Lamulungu lina masana a Packie akudutsa panjinga anaona mwana wawo akulowa pageti ya bwalo la Carrigmoyle Town, timu ya mpira wa Angelezi, nsapato za mpira zili pakhosi. Sanatsike, sanamuitane. Anapalasa njinga mpaka kwa mlembi wa bungwe n'kukamunenera okha, ndipo bungwe linamuchotsadi. Mnyamatayo ndiye anali msana wa timu ya parishi ya mpira wamakolo, ndipo chaka chimenecho timuyo inaluza chikho cha boma chifukwa chosowa iye. Anthu anadandaula, amayi ake analira, koma a Packie anangoti lamulo silidziwa mwana wa munthu. Malachy anakwera sitima ya pamadzi n'kuwolokera ku England ali ndi kachikwama kamodzi ndi mkwiyo wodzaza m'chifuwa.

Kumeneko anasewera zaka zambiri m'matauni a mafakitale a kumpoto, wotchinga kumbuyo wosaseka ndi munthu. Sanatchuke kwambiri, tisanamizane, koma amene anakumana naye pabwalo ankamukumbukira akamasamba. Kunyumba anabwera pa maliro a amayi ake. Kumanda anaimirira pafupi ndi bambo ake, phewa ndi phewa, ndipo mawu amene a Packie anamuuza tsiku lonselo anali akuti, “Wanenepa.” Kenako bondo linamuthera, anayamba kuphunzitsa achinyamata, mpaka akuluakulu a Carrigmoyle Town anamuitana kuti adzakhale mphunzitsi wa timu yakwawo. Anavomera msangamsanga. Anthu ankati wasowa kwawo, koma iye mumtima ankadziwa kuti akubwerera chifukwa bwalo lija lili pafupi ndi nyumba ya bambo ake, moti mphepo ikamachokera kunyanja phokoso la ochemerera limamveka kukhitchini.

Nthawi imeneyo lamulo lija linali litathetsedwa kalekale. Ana a m'parishi ankasewera mipira yonse iwiri, wansembe naye ankakhala nawo pabwalo n'kumakalipira oyimbira. A Packie okha ndi amene anatsala ndi lamulolo m'thupi. Lamulungu lililonse Misa ikatha Malachy ankakadya kwawo, kumene mchemwali wake wamkulu Nuala ankasamalira nkhalambayo. Ankadya mbatatesi, kabichi ndi nyama ya nkhumba, n'kumakamba za mvula, za ng'ombe, za amene wamwalira sabata imeneyo. Za mpira, zii. Nuala ankawayang'ana awiriwo akutafuna mofanana, nsagwada zofanana, n'kumang'ung'udza kuti make mbuu, mwana mbuu.

Chaka chachitatu zinthu zinayenda. Timu ya Malachy, ya anthu ogwira ntchito masana n'kumaphunzira mpira madzulo, wopereka makalata, wogulitsa nyama, aphunzitsi awiri ndi asodzi, inakwapula aliyense m'chikho cha dziko mpaka inatsala ndi masewera amodzi kuti ilowe ndime yotsiriza. Maere anagwa bwino: timu yaikulu ya ku Dublin ibwere ku Carrigmoyle. Tauni inapenga. M'mashopu, m'mabala, pakhomo la tchalitchi, nkhani inali imodzi. Matikiti anatha ngati mchere wa pamaliro, koma Malachy anasungako imodzi, ya mpando wabwino wa pansi pa denga, ndipo anayenda nayo m'thumba sabata yonse osalimba mtima kuitulutsa.

Anaitulutsa tsiku la masewera lenilenilo, chakum'mawa, akupita kubwalo. Anapeza Nuala kulibe, wapita kukasiya buledi kwa mayi wina wodwala wapafupi. A Packie anali pampando wawo wa pamoto. Akanakhala munthu wamaso, Malachy akanaona kuti nkhalambayo sinavule suti ya ku Misa, chinthu chimene inkachita ikangolowa m'nyumba. Akanaona nsapato zopukutidwa mpaka kunyezimira, ndi kabala ka lumo pachibwano. Koma mtima wake unali m'mwamba, mutu uli kwa anyamata a ku Dublin.

“Kuchita mitambo,” anatero a Packie, akuyang'ana pawindo.

“Kuchitadi, bambo.”

“Kwanuko kuli pobisala mvula ikabwera?”

Kwanuko! Chibwerereni Malachy, aka kanali koyamba kuti nkhalambayo itchule bwalolo, ngakhale molambalala chomwecho.

“Mbali imodzi kuli denga,” anayankha. Kenako anapisa m'thumba n'kuika tikiti ija patebulo, pafupi ndi shuga. “Ndakusungirani iyi, bambo. Mwina mungafune kudzaona.”

A Packie sanaiyang'ane n'komwe. “Ine? Ndikataniko ine? Usadzivutitse, iwe.”

“Si vuto ayi. Galimoto ili panjapa. Mpando wake ndi wabwino, simunyowa.”

“Aa, ayi. Kapatse wina wodziwa zimenezo. Ine ndingokawonongera anthu malo.”

Apa ndi pamene Malachy anagwa nayo, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima. Kwathu kuno mwana woyamwa amadziwa kuti munthu savomera chinthu akangofunsidwa. Ukapatsidwa tiyi umakana. Akakufunsanso umakananso, umvekere ndangomwa kumene, pamene kukhosi kuli gwa. Kachitatu ndi pamene umati, chabwino, kadontho chabe, poti mwaumirira. Kuvomera msanga ndi umbombo, ndipo kusiya kufunsa msanga ndi chipongwe, chifukwa ndiye kuti sunkafuna kupereka. Nanga munthu ngati a Packie, amene anathamangitsa mwana wake chifukwa cha mpira umenewu, akanangodzuka n'kunena kuti tiye? Ankafunika kukokedwa, kuti mawa anzawo akadzawaseka adzanene kuti mwanayo anandiumiriza, ndikanatani.

Koma Malachy anali atakhala zaka zambiri pakati pa anthu amene akati ayi ndiye kuti ayi. Kuphatikiza apo chilonda chakale chija chinali chisanapole, moti kukana kwachiwiri kuja kunamugwira pachilondapo. Anatola tikiti yake n'kuibwezera m'thumba.

“Chabwino, bambo. Ndapita.”

Malachy anatuluka, ndipo atafika kubwalo anapereka tikitiyo kwa munthu woyamba amene anamupempha, mkazi wa ometa tsitsi, amene sankadziwa n'komwe kuti timu yathu ikumenyera mbali iti.

Masewera amenewo ife sitidzawaiwala. Mvula inagwa yopingasa, bwalo linasanduka phala, ndipo anyamata a ku Dublin ndi tsitsi lawo lokonzedwa bwino ankaterereka ngati ana a ng'ombe. Ochemerera athu sanawasiye. “Bwererani kwa amanu mukasambe!” wina anakuwa. “Lifali, magalasi wasiya m'bala!” Malachy anali pamzere, mawu atasasa, akukalipira aliyense. “Fergal, iwe! Ukupereka makalata kapena ukusewera? Thamanga!” Ndipo Fergal yemweyo, wopereka makalata uja, ndi amene anadumpha pa kona chakumapeto n'kuumenya ndi mutu. Ukonde unagwedera. Anthu anathyola mpanda, anamunyamula Malachy pamapewa, amuna akuluakulu akulira poyera. Ali m'mwambamo iye anatembenuka n'kuyang'ana mpando uja. Mkazi wa ometa tsitsi anali akupukuta matope pachikwama chake.

M'mawa mwake Nuala anamupeza kubwalo akuthandiza kutola zinyalala. Anabwera atavala epuloni pansi pa chikhoti, ndipo mayendedwe akewo ankaoneka kuti si a munthu wodzayamikira.

“Iwe Malachy, unawatani bambo?”

“Ndawatani? Ndinawapatsa tikiti, achemwali, anakana.”

“Unawafunsa kangati?”

“Kawiri.”

“Kawiri!” Nuala anawomba m'manja. “Mayo ine, mayi anga ali kumanda amve zimenezi! Kawiri? Wasanduka Mngelezi eti? Munthu wadzuka m'mamawa, wameta mpaka kudzicheka, wandituma ndimusitire malaya oyera. Sabata yonse akundifunsa mozungulira kuti kodi kumeneko amalola ndodo. Ine ndinachoka dala kuti muyankhulane awiri, kuopa kuti achita manyazi ndikakhalapo. Ndikubwera ndikuwapeza avala chikhoti, chipewa chili pabondo, akuyang'ana kumsewu. Akuti, wapita kukatembenuza galimoto, abwera. Anakhala choncho mpaka phokoso la chigoli linamveka. Ndiye anavula chikhoti n'kukagona osadya.”

Malachy anaika pansi thumba la zinyalala. Chisangalalo chonse chadzulo chinamuthera pomwepo, ndipo anamva manyazi amene sanawamvepo ngakhale tsiku limene anadzigoletsa yekha pamaso pa anthu zikwizikwi.

“Ndipita pompano,” anatero. “Ndime yotsiriza ikadalipo. Ndidzapita nawo ku Dublin akaionere.”

Anapitadi, ndipo anakaonjeza kulakwa. Analowa akupuma wefuwefu n'kufunsa katatu motsatizana, ngati mwana wolakatula katekisimu, osapatsa nkhalambayo mpata wokana bwinobwino. A Packie anali atavala juzi yawo yakale ya kumunda. Ulendo uno sanayang'ane pawindo, anamuyang'ana m'maso.

“Wakutuma ndi mlongo wako,” anatero.

“Ayi, bambo, ndabwera ndekha.”

“Usandinamize, ndinakubala ndine. Unandifunsa dzulo, ndinakuyankha, iwe unamva. Zatha.”

Kukana kumeneku kunali kwenikweni, ndipo Malachy ngakhale ndi Chingelezi chake chija anakuzindikira. Anatuluka akudziuza kuti mtima wa nkhalamba uphwa, chaka chamawa chiliko, masewera ndi ambiri. Ndi mmene timadzinamizira tonse.

Ku Dublin anakaluza, zigoli zitatu kwa duu. Chaka chotsatira matimu akuluakulu anamutengera osewera ake abwino, Fergal anathyoka mwendo, ndipo timu inayamba kutsetsereka. Anthu omwe aja anamunyamula pamapewa anayamba kumukuwiza kuti abwerere ku England. Iye ankapitabe kukadya Lamulungu, n'kumadikira tsiku labwino loti ayambitsenso nkhani ija, tsiku loti timu yapambana, loti nkhalamba yadzuka bwino. Tsikulo linkangosunthira kutsogolo. Kenako nyengo yozizira ili pakati, Nuala anawapeza a Packie atagwa pakhomo la khola, mbali imodzi ya thupi itafa. Anatuluka m'chipatala ali pa njinga ya olumala. Kuyankhula kunabwerera pang'onopang'ono, koma mutu sunabwerere wonse. Tsiku lina ankamudziwa Nuala, tsiku lina ankamuitana dzina la malemu mkazi wawo. Malachy ankamupatsa moni waulemu ngati dokotala.

Ligi ikupita kumapeto, akuluakulu a timu anamuitana Malachy n'kumuuza mwaulemu kuti masewera a Lamulungu likubweralo akhala ake omaliza. Sanatsutse. Anali atatopa, bondo linkamupweteka kukazizira, ndipo ankadziwa kuti palibenso timu ina imene idzamufune.

Lamulungulo anafika kunyumba atakonzeka kufunsa ngakhale kakhumi. Anagwada pafupi ndi njinga ija, Nuala ali chiimire pasinki.

“Bambo, lero kuli mpira. Tipite mukaone?”

“Eya, tiyeni,” anatero a Packie, akumwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa.

Nuala anatembenukira kukhoma n'kuphimba nkhope ndi epuloni. Chibadwire Malachy sanawamvepo bambo ake akuvomera chinthu pa kufunsidwa koyamba, ngakhale madzi akumwa. Munthu amene anavomerayo sanalinso Packie Tuohy.

Komabe anawaveka chikhoti, anawanyamula n'kuwaika m'galimoto. Kubwalo anthu anali ochepa, timu yoluza ilibe abale. Amene analipo atawaona a Packie akukankhidwa pageti anagwirana zigongono, ena anavula zipewa. Malachy anawaika pansi pa denga pafupi ndi benchi, Nuala anawafunditsa bulangete m'miyendo.

Masewera ake anali ozizira, osayenera kuwakumbukira. Malachy anayesetsa kuchita ntchito yake, kukuwa, kuloza, kusintha osewera, koma maso ankangothawira kumbuyo. Nkhalambayo inkaonerera ndithu. Inkatsatira mpira ndi mutu, ndipo nthawi ina goloboyi atadumpha n'kuugwira m'mwamba inamenya dzanja lamoyo lija pabondo n'kunena kuti, “Ameneyo ndiye wagwira!” Anathera osagoletsana. Osewera anabwera mmodzimmodzi kudzamugwira chanza mphunzitsi wawo, ena osamuyang'ana kumaso, kenako anapita kukasamba.

Bwalo litatsala lokha Malachy anabwera n'kukhala pabenchi pafupi ndi bambo ake. Nuala anati akukatenga tiyi, koma aliyense akanaona kuti akungowasiya.

“Ndinu amene mumayang'anira anyamatawa?” anafunsa a Packie.

“Ndine.”

“Mumakuwa kwambiri, achimwene. Mudzadwala pakhosi.”

Malachy anaseka pang'ono. “Ndasiya lero.”

“Mwachita bwino.” Nkhalambayo inayang'ana bwalo lamatopelo kwa kanthawi, ikuseweretsa mphonje za bulangete. “Si woipa mpirawu. Ndinkauyesa woipa. Kungoti manjawa amawasunga ngati abwereka.” Kenako inatsitsa mawu, ngati ikuopa kuti wina amva. “Ndili ndi mnyamata wanga ku England, amasewera zomwezi. Malachy. Mwina munamumvapo.”

“Ndinamumvapo.”

“Munamuona akusewera?”

“Ndinamuona.”

“Amatha?”

Malachy anayang'ana nsapato zake. Anafuna kunena kuti ndine, bambo, ndiyang'aneni, ndine. Koma anali atayesapo zimenezo kunyumba, ndipo zinkangowasokoneza mpaka kulira.

“Ankayesetsa,” anatero. “Sankaopa munthu.”

“Ameneyo ndi wanga,” a Packie anagwedeza mutu mokhutira. “Wamakani ngati bulu. Anatengera amake.” Kenako nkhope inagwa. “Ine sindinamuonepo, mukudziwa. Ngakhale kamodzi. Anabwera tsiku lina kudzanditenga. Ndinavala ndithu.”

“Ndiye simunapite bwanji?”

“Anafulumira,” inatero nkhalambayo. “Akanangondiumiriza pang'ono, bwenzi nditapita.”

Malachy misozi inkatsika yokha ndipo sanaipukute. A Packie anamuyang'ana modabwa, kenako anatambasula dzanja lamoyo lija n'kumusisita paphewa, monga mmene munthu amatonthozera mlendo pamaliro a munthu amene sakumudziwa.

“Musalire, achimwene,” anatero. “Simunaluze. Mwangolepherana.”